Mapanga awiri avumbwitsa

Mwambi uwu umanena za munthu amene mvula yamupeza m'phiri ali pakati pa mapanga awiri. M'malo molowa m'phanga limodzi n'kukhazikika, amayamba kusirira lina lija. Athamangira uku, abwerera uko, mpaka mvula yonse ithera pamsana pake. Makolo ankaphera mwambiwu munthu wa mitima iwiri, koma lero ukukhudzanso magulu a anthu odzipereka amene amakonza pamodzi mapulogalamu ndi mapu pa intaneti, zinthu zoti aliyense agwiritse ntchito ndi kusintha mwaulere. Gulu lotere lilibe ofesi kapena bwana, ndipo chimene chimalimanga ndi kukambirana. Likamakambirana m'malo ambiri popanda malo amodzi osungira zogwirizana, ntchito imavumbwa.

Taganizani za OpenStreetMap, mapu amene Steve Coast adayambitsa ku Britain mu 2004. M'chaka cha 2014 bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team lidagwira ntchito ndi Amalawi kujambula midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa pokonzekera madzi osefukira, ndipo mu Januwale 2015 madziwo adafikadi. Tiyerekeze kuti achinyamata a ku Malosa ayamba ntchito yomweyi m'chigwa cha Domasi: kulemba mijigo, milatho ndi tinjira tochoka m'midzi kukafika ku chipatala cha St Luke's kapena ku msewu wa Zomba ndi Liwonde. Wina wapeza kuti mlatho wakokoloka, nalengeza pa WhatsApp. Mnzake wodziwa kukonza mapu amangoona Facebook. Wachitatu adagwirizana ndi anzake pa Telegram kuti njira yodutsa pa mlathowo isasinthidwe pa mapu. Anthu alankhula, koma mapu akusonyezabe mlatho umene kulibe, ndipo wonyamula wodwala usiku ndi amene adzalipire chisokonezocho.

Ena anganene kuti yankho n'lapafupi: onse akhale pa WhatsApp, poti ndi imene anthu ambiri ali nayo, ndipo TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo ake otsika mtengo. Mfundoyi ndi yoona, ndipo gulu lonyoza WhatsApp ku Malawi ladzitsekera lokha khomo. Komabe WhatsApp imafulumiza uthenga, siisunga nzeru. Wolowa m'gulu lero sapeza zonse zimene zidakambidwa chaka chatha, uthenga wa mawu ndi wovuta kuufufuza, ndipo foni ikabedwa mbiri imatha kupita nayo. Ngakhale Slack, imene magulu ambiri akunja amaikonda, imabisa mauthenga opitirira masiku 90 kwa osalipira. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo amene sangawerenge zimene zidagwirizanidwa kale amayamba wafunsa mafunso omwe ena adatopa kuyankha, kenaka amangochoka.

Ena angadandaulenso kuti kusankha malo amodzi ndi kusala amene sangakwanitse kufikako. Apa ndi pofunika kumva mwambi wa mapanga uja bwinobwino. Suletsa kuti phiri likhale ndi mapanga ambiri, ukuletsa kusowa pokhazikika. Kumudzi mthenga wa mfumu amayenda khomo ndi khomo, koma mlandu umagamulidwa pa bwalo limodzi lodziwika kwa onse. Choncho WhatsApp, wailesi ngakhale msonkhano wa pansi pa mtengo zikhale zoitanira anthu ndi kumvera maganizo awo, koma chigamulo chilichonse chilembedwe pa tsamba limodzi lotseguka, losafuna kuti wina akulowetse, limene ngakhale mphunzitsi wa ku Domasi College of Education wobwera zaka zisanu zikubwerazi angaliwerenge. Pasankhidwenso munthu wodziwika amene udindo wake ndi kutola zomveka m'njira zinazo n'kukazilemba pamenepo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Gulu lisanatsegule njira yatsopano yolankhulirana, lidzifunse mafunso awiri: ndani adzaisamalira, ndipo zogwirizana kumeneko zidzalembedwa kuti? Ngati mayankho palibe, njirayo idikire.