Kodi umphawi umakhululukira mpaka pati pa mtsuko wa kachasu?

Mukafunsa mayi wa ku Migowi kapena ku Chiringa kuti ndi geni yanji imene munthu angayambe m'thumba muli mbee, kawirikawiri satchula golosale kapena kaunjika. Amati kutcheza kachasu. Madeya ali kuchigayo, mtsuko ndi mpopi angabwereke kwa mnzake, shuga angagule ndi kangongole ka kubanki m'khonde. Pakapita masiku ochepa phala lija lasasa, moto wayaka, botolo loyamba likudontha, ndipo ogula akufika okha osaitanidwa. Palibe geni ina kumudzi imene imabweza mpamba msanga chotere.

Zoti mowa ndi tchimo kapena ayi tiwasiyire abusa ndi mashehe, ali ndi maguwa awo. Funso lathu ndi lina. Munthu akamayamba ntchito imene ingathe kupha mnzake, ndipo akuiyamba chifukwa chosowa, kodi umphawi wakewo umamukhululukira mpaka pati?

Tiyambe tavomereza kuti umphawiwo ndi weniweni. Phalombe ndi boma limene madzi alilanga kawiri m'badwo umodzi. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anabweranso, minda inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, makamaka kumadera ngati kwa Nkhulambe. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 shuga anasowa m'masitolo, mtengo wake n'kukwera. Mayi wamasiye amene munda wake unapita ndi madzi, ali ndi ana ofuna fizi, sitingamuuze kuti "pezani zina zochita" ife tili pampando wa muofesi ku Blantyre. Zinazo ndi ziti? Ganyu wa tsiku limodzi?

Ndiponso kachasu si mlendo. Dzina lakelo linachokera ku mawu a Chipwitikizi oti cachaça, ndipo lusoli linafika kuno kudzera m'chigwa cha Zambezi. Boma la atsamunda linaletsa, apolisi anaphwanya mitsuko, amayi anamangidwa, koma utsi kuseri kwa nyumba sunazime. Pali aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ambiri m'matauni muno amene fizi yawo inachokera m'botolo lomwelo, ngakhale ena sakonda kukumbutsidwa.

Tsono umphawi ungathe kufotokoza chifukwa chimene munthu wayambira kutcheza. Ungathe kufotokoza chifukwa chimene alibe chiphaso chimene lamulo la mowa la 1979 limafuna kwa wogulitsa mowa. Koma pali malire amene umphawi sungadutse nawo munthu, ndipo malirewo ali pa zinthu zing'onozing'ono, pamene wotcheza akusankha poti apulumutse ndalama.

Taonani chiwiya chophikiramo. Mgolo wotchipa pamsika nthawi zambiri ndi umene unasungako mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala a mbewu. Kutsuka ndi sopo sikuchotsa zonse, ndipo moto umadzutsa zimene zinabisala m'chitsulo. Taonani mpopi. Paipi yochokera ku galimoto yakufa, kapena yolumikizidwa ndi mtovu wowotcherera, imasiya chiphe m'mowa pang'onopang'ono. Wakumwa sagwa pomwepo ayi, koma impso ndi ubongo zimawonongeka mwakachetechete. Paipi ya pulasitiki nayo imasungunukira mu nthunzi yotentha. Mtsuko wadothi wa agogo aja, wooneka wachikalewo, ndi wabwino kuposa mgolo wonyezimira wosadziwika kumene wachokera. Ndipo mpopi ukatsekeka nthunzi n'kusowa potulukira, mtsuko umaphulika. Nthunzi ya mowa imayaka ngati petulo, n'chifukwa chake otcheza odziwa ntchito satchezera m'nyumba, ndipo salola mwana kukwawira pafupi ndi mafuwa.

Taonaninso botolo loyamba, limene timalitcha mutu. Ndilo lamphamvu, ndilo lodula, ndilo akamuna amalilimbirana. Komatu madontho oyambirira ndi amene amanyamula zinthu zambiri zouluka msanga zimene zimapweteka mutu ndi m'mimba. Otcheza m'mafakitale amawapatula osagulitsa. Kwa mayi wathu uja, kutaya madontho amenewo kuli ngati kutaya ndalama pansi iye akuona. Apa ndiye poyesedwa chikumbumtima, chifukwa palibe amene akumuona.

Komabe tisanamizane kuti kutaya mutu ndiko chitetezo chonse. Chiphe chachikulu pa mowa wotcheza ndi methanol. Amawira pa madigiri 65 pamene mowa weniweni, ethanol, umawira pa 78, koma mtsuko wakumudzi sungawalekanitse bwinobwino. Mwayi wake ngwakuti madeya ndi shuga zimabala methanol wochepa kwambiri. Zipatso ndizo zimabala wochulukirapo. Imfa za anthu ambirimbiri nthawi imodzi zimene timamva sizichokera kwenikweni mumtsuko, zimachokera m'dzanja la munthu. Wina amagula spiriti wa m'mafakitale motchipa n'kuthira m'mowa kuti uchuluke ndi kuluma. Mamililita 10 okha a methanol angachititse munthu khungu, ndipo 30 angamuphe. Lilime silimuzindikira, mphuno simumva, ngakhale kuyatsa machesi kuja sikutsimikiza kanthu. Wakumwa amapita kwawo akuimba, ndipo patapita maola 12 kapena 24 maso amayamba chifunga, m'mimba kupotokola, mpweya kubanika. Wotere asagonekedwe kuti "matsire atha okha." Athamangire naye kuchipatala, ndipo botolo limene anamwalo alitenge.

Zimenezi zinachitikapo. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, anthu oposa 100 anafa mu Novembala 2000 atamwa mowa wothiridwa methanol. Ku Kabale, m'dziko la Uganda, anafa pafupifupi 80 mu 2010. Kwathu konkuno, mu 2024, anthu anafa ku Blantyre atamwa mowa umene dzina lake lokha linali chenjezo, Ambuye Ntengeni. Ndipo tsidya lino la Zambezi ndi tsidya ilo ndi amodzi: ku Chitima, m'chigawo cha Tete, anthu 75 anafa mu Januwale 2015 atamwa mowa wamasese pamaliro. Umenewu sunali wotcheza, ndipo panalibe anathiramo chiphe. Ofufuza anapeza kuti ufa umene anafululira unali wowonongeka, ndipo tizilombo tinabalamo poizoni. Mayi wofululayo anafa nawo. Ufa woti sungadyedwe unaoneka ngati wabwinobwino kufululira mowa, basi. Kwa anthu a boma limene chimanga chimanyowa ndi madzi osefukira, nkhani imeneyi ndi yoti tiisunge.

Ena adzati, wakumwa ndi wamkulu, anabwera yekha, palibe anamukoka. Zoona. Koma anasankha chiyani? Anasankha kuledzera, ndipo zotsatira za kuledzera ndi zake. Sanasankhe mtovu, sanasankhe feteleza wothira m'phala kuti lisase msanga, sanasankhe spiriti. Munthu sangavomere chinthu chimene sakuchidziwa. Pamene wogula alibe njira yoyezera, mlandu wonse umatsalira kwa yekhayo amene akudziwa zimene zalowa mumtsuko. Ndipo wogulayo si bwana ayi. Ndi wakabaza, msodzi wa kunyanja ya Chilwa, waganyu amene wabwera ndi ndalama ya tsiku lonse. Wosauka akapulumutsa ndalama pothira chiphe, amene amalipira ndi wosauka mnzake, ndipo amalipira ndi maso kapena moyo. Ana a wotcheza akapeza fizi pamene ana a wakumwa akusanduka amasiye, umphawi sunathe, wangosamukira khomo lina.

Makolo athu anali ndi njira yawo yotchingira zimenezi. Mwini mowa ankayamba kumwa yekha pamaso pa anthu asanapereke chipanda kwa mlendo. Mwambowo unkanena kuti chimene ndikukupatsa, ine ndamwako. Muyeso umenewu ukadali wabwino lero kwa aliyense woyamba geniyi: botolo limene simungapatse mchimwene wanu, musaligulitse kwa mwana wa mnzanu. Ndipo ngati mpamba sukukwanira kupeza chiwiya choyera ndi shuga weniweni, ndiye kuti sukukwanira kuyamba. Kuli bwino kutcheza mabotolo asanu abwino kusiyana ndi khumi okayikitsa, kapena kudikira mwezi wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma tisamusenzetse mayiyu katundu yense. Mutu umodzi susenza denga. Boma limene limaletsa chinthu koma osatha kuchithetsa, limangochithamangitsira kumdima kumene kulibe woyeza. Mu 2015 dziko lino linaletsa mowa wa m'masacheti, monga Zambia inachitira ndi tujilijili mu 2012, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zonsezo n'zabwino, koma ludzu la wosauka silinathe ndi chikalata. Maiko ena anayesa njira ina. Uganda, m'zaka za m'ma 1960, inapereka ziphaso kwa otcheza kuti azigulitsa mowa wawo ku fakitale yoti iutchezenso. Kenya, itaika maliro ambiri, inaloleza chang'aa mu 2010 pansi pa malamulo a kapangidwe. Njira zimenezi sizinathetse mavuto onse, komabe zinavomereza choonadi chimodzi: mtsuko umene boma likuuona ndi wosavuta kuuwongolera kusiyana ndi umene likunamizira kuti kulibe. Kodi chingalakwike n'chiyani alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi kuphunzitsa za zimbudzi ndi katemera, atamauzanso otcheza za mtovu ndi methanol? Mafumu, amene amadziwa khomo lililonse lotuluka utsi, angathe kuweruza wothira spiriti monga amaweruzira wakuba mbuzi.

Nanga ife a m'tauni? Timanyoza kachasu masana, madzulo n'kutuma mwana ndi kabotolo. Timafuna wamphamvu koma wotchipa, ndipo tikatero ndife amene tikukankhira dzanja la wotcheza ku chigubu cha spiriti. Wogula amene amakana kuwonjezera kandalama pa mowa woyera walowa nawo m'mlandu. Walira mvula walira matope.

Yankho la funso lathu ndiye ili. Umphawi ungakhululukire denga lodontha, mtsuko wobwereka ndi kusowa chiphaso. Sungakhululukire chimene munthu waika m'botolo akudziwa kuti iye mwini sangachimwe. Mayi wa ku Phalombe amene amataya madontho oyamba pansi ana ake akusowa sopo, amene amabweza mgolo wotchipa chifukwa ukununkha mankhwala, akuchita chinthu chovuta kuposa chimene ambiri a ife timachita m'maofesi mwathu. Ameneyo ayenera kuphunzitsidwa ndi kutetezedwa, kuti wothira spiriti asamulande msika.