Mapointi a Khadi la Ngongole ndi Ulendo wa Umra

Ena mwa ife kuno ku Muthemba tikugula katundu ndi khadi la ngongole kuti tisonkhanitse mapointi, tiwasandutse mamailosi a ndege, tinyamuke pa Chingodzi kukachita Umra. Cholingacho nchabwino. Koma mapointiwo sagwa ngati mvula. Gawo lina limachokera ku chiwongoladzanja cha mnzathu amene wachedwa kubweza. Mu 2000, ku Riyadh, bungwe la Majma' al-Fiqh al-Islami lidagamula kuti khadi lokhala ndi pangano la riba nloletsedwa, ngakhale mwiniwake atatsimikiza mumtima kubweza tsiku lisanakwane. Mamailosi a Flamingo Club amene LAM imapereka tikagula tikiti ndi ndalama zathuzathu, amenewo tilandire, pakuti ndi mphatso ya wogulitsa. Ochokera ku khadi la riba tisakwere nawo ndege yopita ku Makka.