MADZI A KU BETELEHEMU SAMWEDWA MWACHISAWAWA

Mawu a Mulungu: 2 Samueli 23:13-17 ndi 1 Samueli 30:21-25

Lero tikambirane za mabanja amene bambo, mayi kapena mwana anapita kukagwira ntchito ku msasa wa asilikali m'chipululu, kutali ndi kwawo. Mabanja otere tili nawo, m'tchalitchi timakhala nawo benchi imodzi, koma kawirikawiri timawaona ndi diso lolakwika.

Tiyambe ndi kuulula tchimo lathu. Zaka za m'mbuyomu, nthawi imene apolisi athu ankapita ku Darfur m'dziko la Sudan, m'gulu lathu munali mayi wina wachitsikana wa ana atatu. Amuna ake anali komweko chaka chathunthu. Tonse tinkati mayiyu zake zayera. Pa mndandanda wa zopereka dzina lake tinkaliika pamwamba, ndipo pakagwa maliro tinkayembekeza kuti thumba la ufa lichokera kwa iye. Atajomba ku msonkhano wathu masabata atatu otsatana, tinapita kukamuona. Tinamupeza atawonda, maso atafiira chifukwa chosagona, foni ili m'manja. Titamuyeza tinapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Atapukuta misozi anati: "Amayi, aliyense wogogoda pa chitsekochi amafunsa kuti bambo a kuno atumiza zingati. Inu ndinu oyamba kufunsa kuti ndadzuka bwanji." Tinagwidwa manyazi, pakuti nafenso m'chikwama tinali titanyamula kadi lake la zopereka.

Chipululu si chachilendo kwa ife

Ana a dziko lino anayamba kale kupita ku chipululu. M'chaka cha 1902 asilikali ochokera kuno anamenya nkhondo ku Somaliland, ndipo malo a asilikali a Cobbe ku Zomba anatchedwa dzina la mkulu amene ankawatsogolera kumeneko. M'chaka cha 1940 asilikali a KAR a ku Nyasaland anali ku Moyale, m'malire ouma a Kenya ndi Ethiopia, ndipo dzina la Moyale lilipo mpaka lero ku malo a asilikali a ku Mzuzu. Agogo athu aakazi anatsala ndi ana, kudikira kalata imene mwina sankatha n'kuwerenga komwe.

M'masiku athu ano, nkhondo inabuka ku Darfur m'chaka cha 2003. Bungwe la African Union linatumizako oteteza mtendere mu 2004, ndipo kumapeto kwa 2007 ntchitoyo inakhala ya mabungwe awiri pamodzi ndi United Nations, pa dzina loti UNAMID, mpaka pa 31 December 2020. Apolisi a ku Malawi, amuna ndi akazi omwe, anatumikira nawo kumeneko. Akuluakulu ena a asilikali athu anatumikirakonso ku chipululu cha Western Sahara, kuyang'anira pangano loleka nkhondo.

Tsiku la ku msasa

Amene anabwerako amatiuza mmene tsiku limayendera. Msasa umazingidwa ndi waya waminga ndi zipupa za mchenga. Munthu amagona m'kontena kapena m'tenti, jenereta ili kulira usiku wonse. Kunja kukangocha dzuwa limayamba kuotcha, ndipo m'miyezi yotentha limapitirira madigiri 40. Kutentha kwa ku Nsanje mu October n'kumene kungatipatse chithunzi, koma kumeneko mthunzi wa mtengo ndi wosowa. Nthawi zina kumadza chimphepo cha fumbi chotchedwa haboob, chimene chimadetsa kunja masanasana, mchenga n'kulowa m'maso, m'mbale ndi m'zofunda.

Madzi amabwera pa galimoto kuchokera ku mijigo yakutali, ndipo amagwiritsidwa ntchito mowerengera. Ife mipope ikauma masiku awiri timanyamula zigubu kupita kwa anansi. Kumeneko munthu sangatuluke pa geti yekha.

Ntchito yake inali yoyendera misasa ya anthu othawa nkhondo, monga Abu Shouk ndi Zamzam pafupi ndi mzinda wa El Fasher, ndiponso Kalma pafupi ndi Nyala. Ntchito ina inali yoperekeza amayi kokatola nkhuni, chifukwa akapita okha ankagwiriridwa ndi anthu a mfuti. Inu a ku Chilomoni amene munasenzapo mtolo kuchokera ku Michiru, taganizirani kuti kuti mukatole nkhuni zophikira phala la mwana, pafunike galimoto ya asilikali kutsogolo ndi ina kumbuyo. Apolisi achizimayi anali ofunika kwambiri pa ntchito imeneyi, pakuti mayi wochitidwa chipongwe sangaulule kwa mwamuna wachilendo.

Ndipo imfa inali pafupi. Mu July 2013 asilikali 7 a ku Tanzania, anansi athu, anaphedwa pa chiwembu kumwera kwa Darfur. Uthenga wotere ukamveka pa wailesi, mayi wa ku Bangwe sadziwa kuti Nyala ndi El Fasher n'zotalikirana bwanji. Iye amangodziwa kuti foni ya bambo sikulowa.

Chinanso chimene chimatikhudza ife Akhristu n'chakuti ku Sudan tsiku lopuma ndi Lachisanu. Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Munthu amene anazolowera kulandira Ukaristia sabata iliyonse amatha miyezi osaona wansembe wa mpingo wake. Amangosonkhana ochepa madzulo, wa Anglican, wa Katolika, wa CCAP, n'kuwerenga Salimo limodzi ndi kupempherera ana awo potchula mayina.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa zimene kutentha kotere kumachita. Thupi limataya madzi ndi mchere, mutu umawawa, mkodzo umachepa ndi kuda, impso zimatopa. Zimenezo mankhwala ake ndi odziwika: madzi okwanira ndi Thanzi. Koma pali ludzu lina limene Thanzi sathetsa, ludzu la kwanu. Mwana wako akuyamba kuyenda iwe kulibe. Mayi ako akuikidwa m'manda iwe uli pa ulonda.

Davide anakana kumwa

Ludzu limeneli Davide analidziwa. Pa 2 Samueli 23 tikumupeza ali kobisala, ku phanga la Adulamu, pamene Afilisti anali atakhazika asilikali awo ku Betelehemu, mudzi wa kwawo. Davide analakalaka madzi a m'chitsime cha pa chipata cha Betelehemu. Sikuti kumene anali kunalibe chakumwa. Anafuna madzi amene anakulira, monga munthu wa ku msasa amalakalaka nsima ya mgaiwa ndi chisoso, ngakhale m'mbale mwake muli nyama ya m'chitini.

Amuna atatu olimba mtima anamva. Anabowola mzere wa adani, natunga madziwo, n'kubwera nawo. Koma Davide anakana kumwa. Anawathira pansi ngati nsembe kwa Mulungu, chifukwa anaona kuti chimene chinali m'chikhomo sanali madzi wamba ayi, koma moyo wa anthu amene anapita kukatunga ataika khosi pa mpeni.

Amayi, ndalama yochokera ku chipululu ili ngati madzi amenewa. Ikafika m'foni kapena ku banki imaoneka ngati ndalama ina iliyonse, koma yagulidwa ndi thukuta, mantha ndi kusowa tulo kwa mwana wa munthu. Sitikunena kuti itayidwe. Tikunena kuti ilandiridwe ndi mantha a Mulungu, ndipo ipite kumene mwini wake anavutikira: fizi ya ana, njerwa ndi malata, chithandizo cha makolo okalamba. Tinaonapo bambo akutsika ndege ku Chileka ali ndi chithunzi cha nyumba m'mutu, koma pofika pa puloti n'kupeza maziko okha atamera udzu. Ndalama inathera m'zitenje za pa ukwati uliwonse, m'katapila, ndi mwa achibale amene aliyense anali ndi vuto la lero lomwe. Banja limenelo silinaphedwe ndi chipolopolo. Linaphedwa ndi ife otsala.

Ndipo ife apongozi tidzifunse. Mwana wathu akapita kunja, kodi mpongozi timamuona ngati mwana wosowa chithandizo, kapena ngati mlonda amene watsekereza nkhokwe yathu? Angati mwa ife tinaimbira foni mwana ali ku chipululu kumuuza kuti mkazi wake anamuona pa siteji ya minibasi akuseka ndi mwamuna? Munthu amene mawa m'mawa akukwera galimoto yopita kumene kuli mfuti, inu mwamutumizira mtolo wa miseche kuti agone nawo. Limenelo ndi tchimo, ngakhale tilitche chikondi cha kholo.

Otsala ndi akatundu

Chiwerengo chathu chachiwiri chikutiphunzitsa za otsala. Davide anali ndi anthu 600 pothamangira Aamaleki amene anafunkha ku Zikilagi. Anthu 200 anatopa, natsala pa mtsinje wa Besori kusunga akatundu. Pobwerako ndi zofunkha, ena oipa mtima anati otsalawo asalandire kanthu. Davide anakana, nakhazikitsa lamulo mu Israele lakuti gawo la wotsala ndi akatundu lifanane ndi la wopita ku nkhondo.

Mayi wotsala ku Zingwangwa ndi ana, ndi lendi, ndi mwana wa malungo pakati pa usiku, nayenso ali pa ntchito yomweyo. Bambo wotsala ndi ana pamene mkazi wake wapolisi wapita kunja nayenso ali pa ntchito yomweyo, ndipo sayenera kusekedwa pa bawo. Agogo amene alandira zidzukulu kuti mwana wawo wamkazi akatumikire, nawonso ali pa mtsinje wa Besori. Mulungu amawawerengera gawo lofanana. Nanga ife tiwachepetsa bwanji?

Chimodzi mwa zolinga za Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner analiyambitsa mu 1876, ndi kuthandiza mabanja amene akumana ndi zovuta. Vuto si umphawi wokha. Nyumba ikhoza kukhala ndi shuga ndi mafuta ophikira koma muli munthu amene akufa ndi nkhawa. Tsono tikupempha nthambi iliyonse ichite zinthu izi.

Choyamba, dziwani mabanja a m'dera lanu amene wina ali kutali, kaya ndi msilikali, wapolisi, kaya ndi achinyamata amene kuyambira mu November 2023 anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Atchuleni mayina m'mapemphero, ndipo auzeni kuti mukuwatchula.

Chachiwiri, sankhani amayi awiri okhwima maganizo, osunga chinsinsi, oti aziyendera khomo lililonse lotere. Apite manja ali ndi kanthu, ngakhale mpiru wa pa dimba, osati ndi kadi la zopereka.

Chachitatu, tetezani mbiri ya mayi wotsala. Kumbukirani kuti Davide yemweyu, amene analemekeza madzi a ku Betelehemu, anadzagwa pa mkazi wa Uriya pamene Uriya anali ku nkhondo. Mimbulu imadziwa khomo limene mulibe bambo, ndipo ina imabwera itanyamula Baibulo. Mayi amene ali ndi anzake omuyendera sagwidwa msanga. Mutu umodzi susenza denga.

Akabwerako

Tsiku lobwerera ndi la nthungululu, koma ntchito yathu sithera pomwepo. Ena amabwera ali chete, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amalota zoopsa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, kapena amayamba kumwa mowa kuti agone. Si ufiti, si kunyada chifukwa cha ndalama. Ndi bala la m'maganizo, ndipo limachizika. Mulimbikitseni akaonane ndi achipatala ndiponso wansembe, ndipo achibale amupatse mpata wopuma asanayambe kumuyalira mavuto awo.

Tinenenso mosabisa mawu, monga amayi akuluakulu. Anthu amene asiyana chaka chathunthu apite limodzi kukayezetsa magazi asanabwerere ku mphasa. Kumeneko si kukayikirana, koma kusamalana, ndi kusamala ana amene akufunika makolo onse awiri. Amene ali pa ma ARV aonetsetse kuti sakudumphitsa, kaya ali kuno kaya ali kunja.

Pomaliza, tisaiwale amayi a ku Darfur amene abale athu ankawaperekeza ku nkhuni. Oteteza mtendere atachoka, nkhondo ina inabuka ku Sudan mu April 2023. Mu August 2024 kunalengezedwa kuti ku msasa wa Zamzam kuli njala yoopsa, ndipo mu October 2025 mzinda wa El Fasher unalandidwa, anthu ambiri n'kuphedwa. Amayi amenewo ndi anzathu. Amaphika asida, chakudya chofanana ndi nsima yathu, ndipo amabereka ana kumbuyo monga ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayi wa ana atatu uja amuna ake anabwerako bwino. Nyumba yawo ya zipinda zitatu inatha, ndipo lero ndiye amene amatsogolera anzake poyendera makomo a otsala. Akafika sakhala pa mpando, amayamba wafunsa kuti, "Mwagona tulo usiku wathawu?"

Tipemphere

Mulungu Atate, Inu amene munatsegula maso a Hagara kuti aone chitsime m'chipululu, yang'anirani ana athu onse amene ali kutali ndi kwawo. Atchinjirizeni ku dzuwa la usana ndi ku mantha a usiku. Limbitsani otsala ndi ana, ndipo mutikhululukire pamene tinawerenga ndalama zawo m'malo mowerenga misozi yawo. Patsani mtendere dziko la Sudan. Tiphunzitseni kulandira ndi ulemu chilichonse chimene chagulidwa ndi moyo wa munthu, makamaka chikho cha Mwana wanu Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.