Mankhwala a Atchaina ndi Ulemu wa Zolembedwa

Mumsewu wa Derrick Avenue ku Cyrildene, mumzinda wa Johannesburg, Atchaina amagulitsa mizu, makungwa ndi masamba ouma. Pamsika wa Faraday, mumzinda womwewo, asing'anga amagulitsanso zoterezi. Komabe ophunzira ambiri amalemekeza mankhwala a Atchainawo nanyoza a asing'anga. Kodi ulemuwo ukupita kwa mtengo, kapena kwa buku limene mtengowo unalembedwamo?

Kulemba kuli ndi phindu, ndipo malungo ndiwo mboni. M'zaka za m'ma 300, Ge Hong analemba kuti wodwala aviike chitsamba cha qinghao m'madzi, achifinye, namwe madziwo. Patatha zaka zoposa 1,600, Tu Youyou anawerenga malangizowo nazindikira kuti kuwiritsa ndiko kunkawononga mphamvu ya chitsambacho. Mu 1972 gulu lake linapatula artemisinin, ndipo mu 2015 iye analandira mphoto ya Nobel. Mankhwala a LA, amene Malawi anayamba kuchizira malungo mu 2007, gwero lake ndi lomweli. Mwana wa ku Nsanje amene wachira ali ndi mangawa kwa mlembi amene anamwalira kalekale. Tisaiwale, komabe, kuti gululo linasanthula njira zakale zoposa 2,000 lisanapeze imodziyi. Buku linaloza, chimene chinatsimikiza ndi kuyesa.

Dzina lolembedwa limasocheretsanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri ku Brussels anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi. Mitengo iwiri inkatchedwa ndi dzina lofanana, fang ji, ndipo wa poizoni, Aristolochia fangchi, unalowa m'malo mwa Stephania tetrandra. Wophunzira zinenero sangadabwe: dzina limodzi kunyamula zinthu ziwiri n'chizolowezi cha chinenero chilichonse, kungoti apa chinalipiridwa ndi impso.

Ku Faraday kuli umhlonyane, Artemisia afra, mbale wake wa qinghao, umene anthu anauthamangira mu 2020 poopa Covid-19 popanda umboni woti umachiza. Kuunyoza chifukwa sunalembedwe m'mabuku akale n'kulakwa. Kuukhulupirira chifukwa cha ubale wake n'kulakwanso. Lamulo la South Africa la mu 2007 linavomereza ntchito ya asing'anga, koma zambiri zimene iwo amadziwa, monga kuviika kapena kuwiritsa, ndiponso muyeso wake, zikadali pakamwa, ndipo zimatsikira kumanda pamodzi ndi eni ake.