Kodi Mzamba Wanzeru Ndi Uti?

Pa midzi ya ku Zemba, m'boma la Chadiza, mkazi akaima amati ali ndi pakati, ndipo akulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Kuyambira kale amene anali kumuolotsa pa mtsinje umenewu ndiwo azamba, nchembere zimene zinaphunzira nchitoyi kwa amai ao, zosalira malipiro ena koma nkhuku kapena lichero la ufa. Nkhalamba zambiri za lero zinabadwira m'manja mwao. Cotero wonyoza mzamba anyoza manja amene anayamba kumsambitsa.

Koma ulipo mwambo umodzi woyenera kuuyesa bwino. Mwana akacedwa kubadwa, azamba ena anali kunena kuti mai wace kapena atate wace anacita cigololo, ndipo anali kuumiriza mkaziyo kuti achule maina. Ena anali kummwetsa mwanamphepo kuti zowawa zifulumire. Komatu mwana wa m'mimba sadziwa mlandu. Iye akanika kuturuka cifukwa mutu wace wakula koposa njira, makamaka mwa atsikana okwatiwa asanakhwime, kapena cifukwa wagona copingasa. Pamenepo cofunika ndico mpeni wa dotolo, monga wa ku St Francis ku Katete. Ndiponso mkazi wotaya mwazi wambiri atabala angathe kufa asanapite maora awiri. Usiku umene utha pofunsa mlandu ukadathera m'ngolo, pa njira ya ku cipatala.

Nanga Boma likaletsa azamba, kodi bvuto latha? Ku Malawi anawaletsa m'caka ca 2007, koma akazi okhala kutali ndi cipatala anabalirabe kwao mobisa, kufikira m'caka ca 2010 pamene Bingu wa Mutharika, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, anacotsa ciletsoco. Pakuti lamulo silifupikitsa mseu, ndipo silimanga ulalo pa mtsinje wodzala m'dzinja. Coipa cina ndi ici: mzamba woopa cilango acedwa kutumiza wodwala, kuopa kuti zace zingaululike.

Tsono mzamba wanzeru ndi uti? Ndiye amene adziwa pamene manja ace alekezera, nabvomereza msanga wopanda manyazi. Iyeyo awerenga miyezi, nauza mbumba kuti tsiku layandikira, naperekeza mwana wa mnzace kukadikira pafupi ndi anamwino, nakhala pambali pace kumlimbitsa mtima, popeza ici anamwino ocuruka nchito sakhoza kucicita nthawi zonse. Ulemu wace sucepa potero, pakuti nchito yace yeniyeni ndiyo kuti mai ndi mwana aturuke m'cikuta onse awiri amoyo.

Katunduyu asasenze mzamba yekha. Amalume, eni mbumba, akonzeretu ngolo ndi ndarama mwezi usanakwane, ndipo mkamwini asakhale cete poti ali pa mudzi wa eni. Ngati mlandu ulipo, udzakambidwa pa bwalo mai atacira. Mlandu suola, koma mwazi wotayika subwerera.