Mwana Akadzakufunsa Kuti "Chifukwa Chiyani?"

Mu 1972, khothi lalikulu la ku America linagamula kuti makolo a gulu la Amish ku Wisconsin ali ndi ufulu wosiyitsa ana awo sukulu akamaliza giredi 8, chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Lero mabanja ambiri achikhristu kumeneko amaphunzitsira ana pakhomo. Ena amatsata njira yakale imene Dorothy Sayers wa ku England anaitsitsimutsa mu 1947: mwana ayambe ndi kuloweza, kenako aphunzire kusanthula ndi kutsutsa mfundo, pomaliza adziwe kulankhula mogwira mtima.

Ine ufulu wa makolowo sindikuukana ayi. Boma silidzuka usiku mwana akatentha thupi. Koma taonani gawo lachiwiri lija. Ukaphunzitsa mwana kutsutsa mfundo, tsiku lina adzatsutsa zako, mwinanso ndi Baibulo lomwe unamugulira wekha. Apo ndiye pamaonekera ngati unkamuphunzitsadi kapena unkangomutchingira dziko. Ukamuyankha kuti "khala chete, ndine bambo ako", wataya njira imene unasankha wekha. Ufulu wosankhira mwana maphunziro umabwera ndi udindo womumvetsera mpaka amalize, ngakhale zimene akunenazo zikukuwawa.