Za Galu Wokoka Chingwe

Kwathu ku Midzemba, kumunsi kwa boma la Neno, kumene dzuwa la mwezi wa Okutobala liwotcha nthaka kufikira mbuzi zomwe zithawira pansi pa milambe, galu sadziwa chingwe; abadwira kuseri kwa nkhokwe, akulira padzala, aperekeza mbuye wake kumunda ndi kuuzimba, ndipo ngati mwayi umulola kufa ndi ukalamba, afa khosi lake lisanalawe lamba. Koma lilipo tsiku limene mwambo umenewu usokonekera, ndilo tsiku limene mfumu yamema mudzi kuti alangizi a ziweto adza kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. Ndipo iye amene afuna kusinkhasinkha za kumvera ndi za ufulu, nkhani zimene zatopetsa anzeru a mitundu yonse, angachite bwino kukhala pamthunzi m'mbali mwa njira tsiku limenelo, nayang'ana.

Ine ndidakhalapo pamthunzi wotero. Adadza anyamata, wina atamanga galu wake ndi luzi la mlambe, wina ndi waya wotsala pomanga khola la nkhuku, wina ndi mphira yodula ku chubu cha njinga, winanso ndi lamba wa atate wake. Ndipo pafupifupi galu aliyense, pomva chachilendo pakhosi pake, adakana ulendo. Ena adakhalira matako nakwekweredwa m'fumbi, ena adathamangira kutsogolo nakoka mnyamata monga ng'ombe ikoka ngolo, lilime lili panja, maso ali tong'o, kukhosi kukulira ngati kwa nyama yogwidwa mumsampha. Chimene chidandizizwitsa nchakuti chingwe chikamathina, galu sabwerera m'mbuyo kuti apeze mpweya, monga nzeru ikadamulangizira, koma awonjeza mphamvu, nadzitsamwitsa yekha.

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo wamng'ono yemwe sakokera pachabe. Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1904, adasimba m'buku lake lotuluka m'Chingerezi mu 1927 za galu wina wofatsa ndi wokonda anthu, amene atamuimika pamalo ake a ntchito namukoleka m'miyendo zingwe zosathina ndi zosapweteka konse, adayamba kupalasa pansi, kuluma mitengo ndi kuchucha dovu, kufikira ntchito yonse idaima. Ndipo atalingalira nthawi yaitali, Pavlov adagamula kuti chovuta galuyo sichidali ululu ayi, koma chibadwa chokana kumangidwa, chimene iye adachitcha chibadwa cha ufulu. Ophunzitsa agalu a lero anena zofanana nazo m'mawu awo, kuti thupi la nyama likakankhidwa likankhanso, likakokedwa likokanso. Motero mnyamata wokoka waya ndi mphamvu zake zonse ndiye aphunzitsa galu wake kukoka, ngakhale iye ayesa kuti alikumuletsa.

Kumaiko kumene lamulo ndi magalimoto zikakamiza munthu kuyenda ndi galu wake pachingwe tsiku ndi tsiku, anthu adafunafuna njira yopambana chibadwa chimenechi popanda kupotola khosi. Adasoka malamba ozungulira chifuwa ndi mapewa, kuti kholingo lipume. Koma mphete yokolekapo chingwe ikakhala pamsana, galu apeza pokankhira pabwino, nakoka mokondwa monga agalu a ku Alaska akokera katundu pa chipale chofewa, ndipo nchifukwa chake ena adasunthira mpheteyo pachidali, kuti galu akati athamange, thupi lake litembenukire chammbali. Chochenjera koposa ndi chapamutu. Roger Mugford wa ku England adapanga chake chotchedwa Halti, ndipo R. K. Anderson wa pa yunivesite ya Minnesota, pamodzi ndi Ruth Foster, adapanga china chotchedwa Gentle Leader m'zaka za m'ma 1980. Mapangidwe ake ndi lamba mmodzi wodutsa kuseri kwa makutu, wina wodutsa pamwamba pa mphuno, ndi mphete pansi pa chibwano, kotero kuti galu akakoka, mutu wake upotolokera kwa mwini wake, ndipo kumene mutu waloza thupi litsata. Sichitseka pakamwa: galu apuma nacho wefuwefu, chimene chili chofunika kwa nyama yodziziziritsa ndi lilime, amwa nacho madzi, ndipo akafuna aluma nacho. Wochikoka mwadzidzidzi angapweteke khosi la galu, ndipo wochivala koyamba achipalasa ndi zikhadabo kufikira atachizolowera pang'onopang'ono ndi nyambo ya chakudya. Alimi athu oboola mphuno ya ng'ombe yapangolo angaseke pomva kuti nzeru imeneyi idafunikira madokotala.

Mphwanga wina wogwira ntchito ku Johannesburg adabwera nacho chapamutu chotere, nachiveka galu wa pakhomo pathu, mbala yodziwika ya mazira, amene amayi adamutcha Mumandida pofuna kuti mnansi wina amve akamamuitana. Patapita masiku ochepa, Mumandida adayenda pambali pa mphwanga mwaulemu wonga wa mkamwini watsopano, ndipo ana adatsata pambuyo akuwomba m'manja. Koma ine, poyang'anitsitsa, ndidaona kuti ngakhale mphuno idaloza kunjira, diso lidali kuchikwere cha nkhuku, ndipo madzulo atamuvula, sadayende mapazi khumi asanakhote. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Chapamutu chidagonjetsa khosi mwachifundo, ndipo chifukwa cha chifundocho ndichitamanda kuposa waya. Koma mtima sichidaufike, ndiponso opanga ake sadalonjeze kuti chidzaufika.

Pamenepa wina angafulumire kunena kuti chingwe chilichonse nchoipa, tisiye agalu ayende monga adalengedwera. Fulumira adadya gaga. Chiwewe chilowa ndi malovu a galu wodwala, chiyenda m'mitsempha kufikira ku ubongo, ndipo zizindikiro zake zikaoneka, wodwalayo pafupifupi sapulumuka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liwerengera kuti anthu okwana ngati 59,000 afa nacho chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse olumidwa ndi ana osafika zaka 15. Chiyambire 1885, pamene Louis Pasteur adabaya katemera mnyamata wolumidwa dzina lake Joseph Meister nakhala ndi moyo, mankhwala alipo. Ndipo nchodziwika kuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, nthendayi isowa poyenda, chimene chidachititsa kuti bungwe la Mission Rabies libaye agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre mu 2015. Tsono mnyamata uja wokwekweretsa galu m'fumbi alikumutengera ku moyo, wake ndi wa ana a m'mudzi, ndipo galuyo sangathe kudziwa zimenezi ngakhale mutamufotokozera chaka chathunthu. Kwa iye kuli waya pakhosi, khamu la agalu achilendo, ndi munthu wonunkha mankhwala wogwira singano.

Funso limene landisowetsa tulo ndi ili: kodi ife pamaso pa Mulungu sitili chomwecho? Pamene matenda, umphawi, chilala kapena lamulo losatikomera litigwira pakhosi, alaliki atiuza kuti tisakoke, pakuti wotigwirayo adziwa kumene atitengera. Ndipo mwina anena zoona. Komatu mawu omwewo adalankhulidwa ndi ankhanza a mibadwo yonse, ndipo dziko lino la mtsinje wa Shire lili ndi chifukwa chowakayikira. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame, kumwera kwa kumene lero kuli Blantyre, David Livingstone ndi anzake adakumana ndi akapolo 84 otengedwa kunka ku Tete. Akazi ndi ana adawamasula msanga ndi mipeni, koma amuna adali ndi makosi m'mphanda za mitengo yolemera zotsekedwa ndi chitsulo, ndipo padafunika sowo yopezeka m'katundu wa Bishopu Charles Mackenzie kuti awadule. Mtengo umenewo dzina lake ndi goli, liwu lomwelo limene titchula nalo mtengo wa pakhosi pa ng'ombe, lomwelonso limene tilimva m'tchalitchi pamene atiwerengera kuti la Ambuye silolemetsa. Mundikhululukire potchula makolo athu m'nkhani ya agalu. Ndatero chifukwa chibadwa chija adachiona Pavlov chili mwa ifenso, ndipo sindikhulupirira kuti chidachokera kwa woipayo. Wochilenga adachiika dala, kuti khosi lisavomere chingwe chilichonse popanda kufunsa mwini wake ndani.

Malembo Oyera sabisa kuti Mulungu ali nazo zingwe, ndipo si zonse zofewa. Mwa Yesaya, mfumu yodzikuza ya Asuri iopsezedwa ndi mbedza ya m'mphuno yoibwezera kumene idachokera. Wolemba Salimo 32 atchula cham'kamwa ndi chapamutu, koma azitchula monga zoyenera kavalo ndi bulu, nachenjeza munthu kuti asadzifikitse pofunika zotere. Ndiko kunena kuti chomangira, ngakhale chochenjera chotani, ndicho umboni wakuti kumvana kwalephera. Koma mneneri Hoseya, m'chaputala 11, ndiye andigwira mtima, pakuti pamene afotokoza Mulungu alikukoka anthu ake ndi zomangira zochokera m'chikondi, pomwepo amuonetsanso alikupeputsa goli ndi kuwerama kuti awadyetse. Wokoka ndi wodyetsa ali mmodzi, ndipo m'nkhani ya mneneriyo kulera kudayamba kale, mwana asanadziwe kuyenda.

Zimenezi ndikadazidziwa ndi mutu wokha, pakadapanda nkhalamba ina imene idafika pabwalo dzuwa litakwera, ndodo kudzanja, galu wofiira wa nthiti zoonekera akuyenda pambuyo pake wopanda kanthu pakhosi. Nkhalambayo ikaima, galu aima, ikayenda, ayenda. Ndidaipatsa mpando wanga ndi kuifunsa kuti, "Wawa agogo, galu wanuyu mudamuphunzitsa ndi chiyani, pakuti anzake onse afika kuno mokwekweredwa?"

Idayamba yanunkhiza fodya, ndipo idati, "Mwana wanga, sindidamuphunzitse kanthu. Mbamu yoyamba njanga, yotsiriza njake, chiyambire ali kamwana. Awa amangidwa ndi wayawa, eni ake awakumbukira lero."

"Ndiye kuti inu chingwe simuchifuna konse, agogo?"

Idapisa dzanja m'thumba la jekete nitulutsa luzi lopota bwino. "Ndili nacho. Singano ikamalowa, ngakhale iye aiwala kuti ndine yani."

Ndidaiona itafika nthawi yake. Idakoleka luzi mosathina, nigwada pansi ndi mawondo ake okalambawo, nipanira mutu wa galu pakati pa mkono ndi nthiti zake, dzanja lina lili pansi pa chibwano, pafupi ndi mano. Ndipo singano italowa, galu adalira nagwedeza mutu, dzino lake lidakanda chala cha mbuye wake, koma iye sadataye. Mlangizi adalamula kuti chalacho chitsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nawauza agogowo kuti apite kuchipatala akawaone tsiku lomwelo, pakuti katemera wobayidwa lero sachotsa chimene chidalowa dzulo. Ndipo iwo adavomera mong'ung'udza, monga achitira akulu polangizidwa ndi ana.

Apo mpamene ndidazindikira chimene anyamata aja sadachione, ngakhale zikhatho zawo zidali zofiira ndi mikwingwirima ya waya: kuti chingwe chili ndi nsonga ziwiri, ndipo wogwira nayenso wamangidwa. Mphwanga ndi chapamutu chake sakadatha kuthamanga kapena kukhala pansi osasamala za Mumandida. Kumene galu adachedwa, iyenso adachedwa. Wamalonda a akapolo adasankha goli la mtengo wautali ndi wouma kuti womangidwayo akhale patali, asamufike. Nkhalamba ija idafupikitsa luzi kufikira dzanja lake lidalowa pakati pa mano. Ngati ndifuna kudziwa chingwe chimene chandigwira nchayani, kaya ncha mfumu, cha boma, cha kholo kapena cha mpingo, sindifunsa kufewa kwake kokha, pakuti chofewa chomwe chingatsogolere kophera. Ndifunsa ngati wogwirayo adandidyetsapo ndisanamangidwe, ndiponso ngati ayima pafupi pokwanira kuti kuphupha kwanga kumupweteke. Chipembedzo chimene ndidaleredwamo chinena kuti Mulungu adadzimanga yekha ndi pangano, nafika pafupi kotero kuti mano athu adamulasa m'manja. Sindinena kuti ichi chimasulira imfa ya mwana aliyense kapena chilala chilichonse. Masiku ena ndikoka ndithu, ndipo sindiyesa kuti Iye adabwa nako.

Dzuwa litapendeka, mlangizi adalongedza mabotolo ake m'bokosi loziziritsa. Agalu obayidwa adawapaka utoto pamphumi kuti adziwike, ndipo ambiri, atangomasulidwa, adathawa liwiro la mtondo wadooka, osacheukira eni ake. Agogo aja adavula luzi pakhosi pa galu wawo, nalowa njira ya kuchipatala, chala chokulungidwa m'kansalu. Ndipo pamene ndidakumana nawo madzulo pobwerera, luzi lija adali atamangira nkhuni zimene adatola m'njira, galu wa mphumi ya utoto ali patsogolo pang'ono, naima pa mphambano kudikira kuti aone kumene akhotere.